Aliyense ndi Bungwe Lake: Zomwe Zikukambidwa mu Lilongwe

Nyengo ya bajeti ikamayandikira, macheza a mu Lilongwe amakoma. Nduna ya zachuma imanyamuka ulendo wake wa chaka ndi chaka wokamva maganizo, lero ku Blantyre, mawa kuno, mkuja ku Mzuzu, ndipo nkhani za pawailesi zimangodzaza maina a mabungwe. A MCCCI, bungwe la eni mabizinesi ndi mafakitale, akuti misonkho yawafika m'khosi. A MCTU, mgwirizano wa mabungwe a antchito, akuti malipiro otsikitsitsa akwere chifukwa thumba la chimanga lawasiya kutali antchito. A ECAM, omwe ndi mabwana olemba anthu ntchito, akuti tiyende pang'onopang'ono, makampani angatsekedwe. A mabungwe a zaumoyo akukumbutsa boma lonjezo la ku Abuja la mu 2001, loti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Kukacha, zonsezi zimatsikira kudepoti, kumsika, pabawo ndi kuchigayo, ndipo kumeneko anthu amazisenda bwinobwino, mosaopa kamera.

M'minibasi ya ku Area 25 kondakitala wina anagamula kale mlandu wonse. Iye akuti mabungwe onsewa ngodyera basi: amakumana m'mahotela, kudya nkhuku, kusainira alawansi, kenako n'kutuluka pa TV atavala mataye kudzanena kuti akulankhulira osauka. Anthu m'galimoto anagwedeza mitu kuvomereza. Koma bambo wina wa kumpando wakumbuyo, atapanikizika pakati pa zenera ndi thumba la makala, anafunsa mofatsa: "Achimwene, nanga mafuta akakwera usiku, m'mawa mtengo wa minibasi n'kukwera pa siteji iliyonse nthawi imodzi, amakhala atakugwirizanitsani ndani?" Kondakitala sanachedwe. Anati amenewo ndi a MOAM, bungwe la eni minibasi, ndipo amenewo tisawaphatikize ndi enawo chifukwa amalankhula zoona: matayala akwera, masipeya akwera, inshuwalansi yakwera. Galimoto yonse inafa nacho chiseko, ndi dalaivala yemwe.

Ndinaseka nawo, koma mnyamatayo ndinamumvetsa, chifukwa tonse timatero. Bungwe la anzathu timaliona dyera, lathu timaliona chilungamo. Mayi wina wonyamula beseni la usipa ndiye anafunsa lovuta: "Nanga ife okwerafe, lathu lili kuti?" Wina anatchula CAMA, bungwe loimira ogula la a John Kapito, lomwe pa 17 Januwale 2013 linatsogolera zionetsero zodandaula kukwera kwa mitengo kwacha itachepetsedwa mphamvu m'nthawi ya mayi Joyce Banda. Mayiwo anati dzinalo amalimva pawailesi, koma sadziwa kuti munthu amalowa bwanji, nanga amasonkha zingati. Funso lawo lili ndi yankho, ngakhale silokoma. Eni minibasi ndi ochepa, amadziwana, ali ndi manambala a foni a wina ndi mnzake, ndipo kandalama kowonjezera pa mutu uliwonse kakaunjikana ndi chuma chenicheni kwa iwo. Okwera ndife chikhamu, aliyense amataya pang'ono, amadandaula mpaka pa siteji yake, n'kutsika. Anthu otere kuwasonkhanitsa ndi ntchito.

Ku msika wa Tsoka, m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, nkhani idakali ya Febuluwale 2025. Amayi a kaunjika sanaiwale, ndipo safuna kuti wina aiwale. Mtengo wa belo unali utathawa, oitanitsa katundu akuloza chala kusowa kwa ndalama zakunja. Mavenda anasiya mabenchi awo nayenda wapansi mpaka ku Nyumba ya Malamulo, ndipo pasanapite masiku nduna ya zamalonda inasinthidwa. Ukawamva akufotokoza, aliyense anali patsogolo penipeni pa mzere. Mnyamata wina wogulitsa nsapato atafunsa kuti ngati nonse munali patsogolo, kumbuyo kunali ndani, anamuthamangitsa ndi hang'ala.

Amawaziziritsa ndi mkulu wina wa majekete, amene wakhala pamalonda kuyambira nthawi ya a Bakili Muluzi. Iye amati kusintha nduna sikubala dola, ndipo kwacha yomwe inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sinadzuke chifukwa cha nyimbo. Amakumbutsa za 2006, pomwe boma la a Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu pa Operation Dongosolo. Nthawi imeneyo mavenda anali ndi makomiti, anali ndi matcheyamani odziwika, andale ankawagwadira, koma anasamuka basi, chifukwa oyenda pansi, eni mashopu ndi oyendetsa galimoto anali atatopa ndi kuthithikana. Amakumbutsanso za Epulo 2020, boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha Covid-19. Mavenda anatuluka m'misewu kufunsa kuti adya chiyani, a HRDC, gulu lomenyera ufulu wa anthu, anathamangira kukhoti, ndipo pa 17 Epulo khoti linaimitsa m'bindikirowo. Apo zinatheka, akutero mkuluyo, chifukwa funso loti tidya chiyani linali la aliyense, osati la venda yekha. Amayi a kaunjika amamvetsera, kenako amabwerera kukangana za amene anali patsogolo.

Yomwe yandikhalitsa ine ndi ya majumbo, yomwe ikukambidwa pa chiwaya cha kanyenya ku Biwi. Wowotcha nyama akulumbira kuti mbuzi za m'tauni masiku ano ukazitumbula umapeza majumbo atapotana m'chifu. Makasitomala sasiya kudya, amangowonjezera tsabola n'kumamvetsera.

Mbiri yake njotere. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60. Makampani opanga mapulasitiki sanapite pamsewu. Sananyamule chikwangwani, sanaimbe nyimbo, palibe anayatsa tayala. Anapita kwa maloya, maloya anapita kukhoti, khoti linapereka chiletso, makina napitiriza kulira. Mbali inayi kunali mabungwe a zachilengedwe, monga Lilongwe Wildlife Trust, pamodzi ndi mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anayamba kulimbana ndi nkhaniyi ataona mbuzi za alimi zikufa ndi mapulasitiki. Mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulo loletsalo ligwire ntchito. Mayiwa analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Koma ziletso zina zinabweranso, ndipo nkhaniyi inazungulira m'makhoti zaka pafupifupi khumi, jumbo ili pamsika, ili m'ngalande, ili pamwamba pa mtengo.

Pa chiwayapo sagwirizana. Mayi wa tomato wa pambali akuti alole kunena zoona: kasitomala wa masiku ano sabwera ndi dengu, ndipo ukapanda jumbo amapita kwa mnzako. Mnyamata wina akuti alamu ake amagwira ntchito ku fakitale ya mapulasitiki, ali ndi ana anayi, ndiye a zachilengedwe anene kuti anawo adye mitengo kapena chiyani. Wowotcha nyama akuyankha kuti mbuzi yofa ndi jumbo nayonso inali fizi ya mwana wa winawake. Wina wakumbutsa kuti za masacheti a mowa zinayendanso motero: boma kuletsa, makampani kuthamangira kukhoti, makolo ndi aphunzitsi kumangolira akuona ana akupita m'kalasi ataledzera.

Ine ndimati kampani ili ndi ufulu wopita kukhoti, ndipo ntchito za alamu aja nzenizeni. Chomwe chimandikhudza nchakuti njira zofikira ku boma zilipo ziwiri, ya fumbi ndi ya kapeti, ndipo ya fumbi ndi yokhayo yomwe timaiona ndi kuiweruza. Venda akayenda pamsewu, tonse timadziwa chomwe akufuna, timadziwa nkhope yake, akaswa galasi timamudzudzula. Wa kapeti amafika ku Capital Hill mwakachetechete, amasiya kalata, amapeza mzere umodzi m'lamulo la misonkho, ndipo ife timadzamva zotsatira zake pa shopu popanda kudziwa kuti zinachokera kwa yani.

Ku Kawale, pansi pa mtengo pomwe madala amasewera bawo dzuwa likapendeka, nkhani ya mabungwe imabwerera ku 1992, ifune isafune. Anaiputa ndi mnyamata wina wodikira njinga yake kwa wokonza, amene ananena kuti ansembe, abusa ndi mashehe azisamala za kumwamba, ndale azisiyire andale. Aphunzitsi ena opuma anasiya kaye masewerowo. "Mdzukulu wanga, takhala pansi. Njingayo siithawa." Anzawo a pabawo anayamba kuseka, chifukwa nkhaniyi aimva kambirimbiri ndipo amadziwa kuti ikayamba, masewero athera pomwepo.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inanena za malipiro ochepa, za sukulu ndi zipatala, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha olankhula. Aphunzitsiwo amati anthu anatuluka m'tchalitchi akuyang'anana, osadziwa ngati kumvako pakokha sunali mlandu. Boma linanenadi kuti kalatayo njoukira, kupezeka nayo kunali kulakwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Pa 6 Epulo, a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito, anatsika ndege kuno ku Lilongwe n'kumangidwa pabwalo pomwepo. Mu Meyi antchito a ku David Whitehead and Sons ku Blantyre ananyanyala ntchito, sitalaka inafalikira, anthu anaphedwa m'misewu. Apa mdala wina, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku Blantyre, amalowerera kukonza nkhani, ndipo awiriwa amakangana kuti anayamba ndani, tchalitchi kapena fakitale, mkangano womwe sunathe mpaka lero.

Chomwe amagwirizana nchakuti zipani zinali zoletsedwa, ndiye amene anakakhala pansi ndi nduna za Kamuzu anali a Public Affairs Committee, PAC, yomwe inabadwa chaka chomwecho: mipingo, Asilamu, maloya a Malawi Law Society ndi anthu abizinesi. Pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu, nyali ya zipani zambiri ikupikisana ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri. "Ndiye voti yomwe umanyadirayo, mdzukulu wanga, anakutengera ndi anthu omwe ukuti akhale chetewo." Anawonjezera za pa 4 Julayi 2002, pomwe bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a pulezidenti inagwa m'Nyumba ya Malamulo itaperewera mavoti atatu okha, mipingo ndi mabungwe atakhala pakhosi pa aphungu miyezi yambiri.

Mnyamatayo sanali wopusa. Anafunsa kuti ngati PAC njamphamvu choncho, bwanji mu Disembala 2017 aphungu anakana mabilu osintha malamulo a zisankho, kuphatikizapo ya 50+1 yoti pulezidenti azipambana ndi mavoti opitirira theka, pomwe PAC inali itaopseza ndi zionetsero? Aphunzitsi anavomera kuti apo anagonja, ndipo 50+1 inadzabwera kudzera kukhoti mu 2020. Anafunsanso za Disembala 2016, pomwe maepiskopi a Katolika ndi a Evangelical Association of Malawi anatsogolera anthu m'misewu kukana bilu yofewetsa lamulo la kuchotsa pakati, bilu yomwe mabungwe ena a zaumoyo ndi a ufulu wa amayi ankaifuna ponena za amayi omwe akufa pochotsa pakati mobisa. Mu 2021 aphungu anakana ngakhale kuikambirana. Pamenepo bwalo linagawikana. Ena anati mipingo inachita bwino, ena anati inatsekereza nkhani yofunika kuimva. Ndinaona kuti omwe anaombera m'manja mipingo pa nkhani ya 1992 si onse anaiombera pa iyi. Mphamvu ndi yomweyo, guwa ndi lomwelo, koma munthu amaiyamikira ikamakankhira komwe iye akufuna. Wokonza njinga anamaliza kalekale, mnyamatayo anali adakali pansi.

Ku babashopu ina ya ku Nsungwi, anyamata alibe nthawi ya 1992. Yawo ndi ya 2019, ya Tipeksi wa pa mapepala a zotsatira za chisankho ndi mademo. Amakumbukira momwe HRDC, motsogozedwa ndi a Timothy Mtambo ndi a Gift Trapence, inkamemera anthu mwezi ndi mwezi chisankho cha pa 21 Meyi chitatha, mpaka pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anafafaniza zotsatira, chisankho china n'kuchitika pa 23 Juni. Wometa, makina ali m'manja, akuti imeneyo ndiye inali ntchito. Wometedwa, mutu uli theka, akuti aise dikira, nanga a Mtambo sanakhale nduna mu Julayi chaka chomwecho? Wometa akuyankha kuti anali atatula kale udindo ku HRDC, analowa ndale poyera masana, ndipo bungwelo linapitirira ndi a Trapence. Wachitatu, wodikira pabenchi, akuti iye sakunena za amenewo, akunena za timabungwe tomwe timamera ngati mvula yagwa, kulengeza mademo Lolemba, n'kuwaimitsa Lachitatu usiku ati pofuna kupereka mpata wa zokambirana. Onse atatu ananena mawu amodzi nthawi imodzi: "Chibanzi!" Wometedwa anaseka mpaka makina anamulowa pambali, ndipo pamapeto anangometa mpala.

Mwini golosale wa khomo loyandikana saseka nawo kwenikweni. Iye amati tsiku la mademo amatseka, sapeza kanthu, ndipo anzake ena anathyoleredwa mashopu ndi anthu omwe sankadziwa n'komwe zomwe zinali m'chikalata cha madandaulo. Amakumbutsanso za pa 20 Julayi 2011, nthawi ya kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, pomwe anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ena mwa iwo ali ku manda a Zolozolo ku Mzuzu. Akatero anyamata amakhala chete kaye. Njira ya pamsewu ili ndi mtengo wake, ndipo amaulipira kawirikawiri si amene anaitanitsa atolankhani.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse pababashopupo ndi loti amawapatsa ndalama ndani. Amati azungu. Nzoona kuti mabungwe ambiri omwe si aboma amayendera thandizo lakunja, ndipo lamulo loyendetsa mabungwewa linakonzedwanso mu 2022 n'kukhwimitsa zoti azipereka malipoti a chuma chawo, ngakhale ena mwa iwo anadandaula kuti boma likufuna kuwamanga pakamwa. Funsoli ndimalikonda, ndipo ndimafuna lizifunsidwa mbali zonse. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti, ndipo limati chipani chiziulula amene wachipatsa K1 miliyoni kapena kuposerapo ngati ndi munthu, K2 miliyoni ngati ndi kampani kapena bungwe. Wamalonda amene amagulira chipani galimoto, nsalu ndi matisheti nayenso akufuna kanthu ku boma, mofanana ndi wonyamula chikwangwani. Ndikufuna kumudziwa dzina monga ndimadziwira la wa chikwangwaniyo.

Pa tiyirumu ina ku Kanengo, komwe anthu ayamba kale kudikira ganyu ya nyengo ya okushoni, mlimi wina wa ku Dowa wasunga bwalo ndi nkhani za fodya. Akuti palibe mbewu yomwe ili ndi oilankhulira ambiri ngati imeneyi. TAMA, bungwe la alimi a fodya, inayamba mu 1929, nthawi ya atsamunda, ili ya azungu a maesiteti. Alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, zisanatero unali wa maesiteti okha, ndipo ambiri mwa eni ake anali anthu oyandikana ndi boma. Lero kuli TAMA, kuli NASFAM ya alimi ang'onoang'ono, kuli makampani ogula monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI, ndipo chaka chilichonse amakhala pansi ndi boma kukambirana mitengo yoyambira. Mlimiyo amakonda kwambiri ya 2009, pomwe a Bingu anathamangitsa m'dziko muno mabwana anayi a makampani ogula fodya powanena kuti akugula motsika. Amaifotokoza ataimirira, kapu ya tiyi ili m'manja, ngati anawaperekeza yekha ku bwalo la ndege.

Mnyamata wopereka tiyi ndiye anamudula. Anati iye anakulira pa esiteti ku Kasungu, bambo ake ali tenanti, ndipo akufuna kudziwa kuti pa tebulo lija tenanti amakhala mpando uti. Mlimi uja anakhala pansi. Bilu yoteteza matenanti inalembedwa mu 1995, ndipo inakhala m'madirowa zaka ndi zaka, maboma akusinthana, mpaka mu 2021 pomwe lamulo la ntchito linakonzedwa n'kuletseratu utenanti. Mwini munda anali ndi bungwe, wogula anali ndi ofesi ndi maloya. Tenanti anali kutali ndi kwawo, akudya chimanga cha ngongole, akudikira kuwerengeredwa kamodzi pachaka, ndipo womulankhulira anali mabungwe ochepa a mipingo ndi a antchito. Nkhaniyi imandiwawa, ndipo sindiona njira ina yoimvetsera kupatula iyi: amene sanasonkhane amadikira nthawi yaitali. Mlimiyo anaitanitsa tiyi wina, ndi wa mnyamatayo, kenako anayamba kudandaula za pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya lomwe Malawi inalowa mu 2023, ndipo pamenepo awiriwo anagwirizana.

Kuchigayo ku Chinsapo, amayi amalankhula mokweza kuti apose phokoso la injini, choncho nkhani zawo amamva ndi odutsa pamsewu omwe. Akazi a aphunzitsi ena ndi mayi wa mwana wa Sitandade 8 adakali pa sitalaka ya 2021, pomwe bungwe la aphunzitsi la TUM linaimitsa maphunziro pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19. "Achemwali, mwana wanga anakhala pakhomo masabata, mayeso ali pafupi!" "Nanga amuna anga akanadwala m'kalasi ya ana opitirira 100, mukanabwera ndinu kudzalera anga?" Amakangana chonchi uku akuthandizana kusenza matumba. Wina wakumbutsa kuti chaka chomwecho aphungu anasintha lamulo kuti bwana azitha kudula malipiro a wonyanyala ntchito akapyola masiku atatu pachaka, ndipo olemba ntchito anakondwa pomwe a MCTU anakwiya. Akazi a aphunzitsi anati mwaona, nawonso mabwana ali ndi bungwe lawo, koma simuwatukwana chifukwa satseka sukulu.

Pomwe onse amagwirizana ndi pa nkhani ya maukwati a ana. Kale malamulo aakulu a dziko ankalola mtsikana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu anakonzanso malamulo aakuluwo kuti mpata uja utsekeke. Amayiwa amadziwa kuti izi sizinagwe kumwamba. Atsikana eni ake analankhula, mabungwe monga Girls Empowerment Network anaumiriza aphungu, ndipo mafumu ena anaika ufumu wawo pamzere wakutsogolo, makamaka malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, yomwe inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu. Agogo ena, akupepeta mphale pakhomo pa chigayo, anangoti: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Mtsikana wina anawafunsa ngati iwo akanakana ukwati akanakhala ndi bungwe nthawi yawo. Agogo anati akanakana amene anawapeza, akanadikira wina wamtali pang'ono, ndipo chigayo chonse chinasweka ndi phwete.

Zina zimangodutsa m'macheza mwachangu. A Rasta a pa siteji ya Mchesi adakali kunyadira chigamulo cha khoti la ku Zomba cha mu Meyi 2023, choti ana a madiredi azilandiridwa m'sukulu za boma. Atolankhani amakumbutsa kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, lomwe bungwe lawo la MISA Malawi linalimenyera zaka zoposa khumi, linavomerezedwa ndi aphungu mu Disembala 2016 koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. A APAM, bungwe la anthu achialubino, anakakamiza dziko kuyang'ana nkhanza zomwe ambiri tinkafuna kuzilambalala, ndipo zilango zinakhwimitsidwa mu 2016. Alonda a usiku ndi atsikana antchito zapakhomo ndiwo sindinawamve akutchula bungwe lililonse. Malipiro otsikitsitsa akalengezedwa pawailesi, amamva ali kukhitchini kapena pageti ya bwana, ndipo ambiri amaopa kufunsa.

Atsopano pa bwaloli ndi akabaza a njinga zamoto. Pa siteji ina kufupi ndi kwathu atopa ndi kungodandaula za mtengo wa laisensi ndi wolembetsera njinga, ndiye aganiza zokhala ndi gulu lawo, lolemba kalata n'kukaipereka komwe ikufunika. Msonkhano anachitira pa njinga zawo zomwezo, aliyense atakhala pa yake, diso limodzi kwa wolankhula, lina kumsewu, ndipo kasitomala akatulukira, mfundo inkadukira pakati mpaka mwini wake abwereko. Za dzina anagwirizana msanga. Za zofuna zawo anagwirizananso: kulipira pang'onopang'ono, maphunziro oyendetsa otsika mtengo, malo awoawo oimikapo. Mkulu wina wa njinga yakapalasa anawauza kuti akafuna kumveka alembemo zipewa ndi za kusanyamula anthu atatu, chifukwa madokotala a mafupa nawonso akulankhula ndi boma lomwelo, ndipo ali ndi odwala oti aonetse. Ena anang'ung'udza, koma mfundoyo inalowa m'kalata.

Pa utcheyamani panaimirira anthu asanu, ndipo anapambana amene njinga yake ndi yakeyake, osati ya bwana. Povuta panali pa msungichuma. Aliyense wotchulidwa ankapezeka kuti ali ndi ngongole kwa amene wamutchulayo, kapena anabwerekapo mafuta osabweza, ndipo dzina lililonse linkagwa ndi chiseko. Atazungulira siteji yonse, anatembenukira kwa amayi ogulitsa mandasi pambalipo, omwe alibe njinga ndipo sanakwerepo. "Amayi, tisungireni ndinu." Amayiwo anavomera, koma anati buku lake likhala lomwelo lomwe amalembamo ngongole za mandasi, ndipo wosonkha aliyense aziyamba wabweza kaye zimenezo. Ndalama yoyamba yomwe gululo linatolera madzulo amenewo inathera ku mandasi, ya sitampa ndi fotokope yatsala ya Loweruka.